Chojambula cha papepala chilowe bwino mu kompyuta mpaka kukapulinta osasweka: tsatani izi

Mwezi wathawu mtsikana wina amene akuphunzira zojambulajambula anandipeza kuno ku Nchalo atakhumudwa kwambiri. Anajambula logo ya gulu la amayi a banki m'khonde, mlambe waukulu ndi manja awiri pansi pake, papepala zinali zokongola ndithu moti aliyense amayamikira. Ndiye anaitola pafoni usiku pansi pa babu, n'kutumiza pa WhatsApp kwa achimwene ake ku Blantyre kuti akapulintitse bana, chinsalu chachikulu chopachika. Bana ija itatsika pa Thabwa n'kufika, mlambe uja unali utasweka timabokositimabokosi, kumbuyo komwe kumayenera kuyera kuli chikasu chotuwa, ndalama za amayi zitapita. Dzanja lake lilibe vuto mtsikana uja, amajambula kuposa ambiri amene ndawaona, chomwe chinamugwetsa ndi njira yochoka papepala kukafika pa makina opulintira, ndipo ndi pomwepa pamene ophunzira ambiri a zaluso kuchigwa kuno akugwera mobwerezabwereza, kaya ndi posita ya ukwati, tisheti ya kwaya kapena zithunzi zokaonetsa pofunsira malo kusukulu. Ndiye ndati ndilembe ndondomeko yonse mmene ndimachitira ineyo.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Chojambula chanu chomwe, chouma, chosapindika. Ngati chakwinyika chigoneke usiku pansi pa mabuku olemera
- Foni yokhala ndi kamera ya 12 MP (ma pixel 12 miliyoni, timadontho tomwe timapanga chithunzi) kapena kuposa, olo sikana ngati pali poipeza
- Katoni yosalala kapena thabwa lomatapo pepala, ndi selotepu ya pepala ija yosang'amba
- Kansalu kofewa kopukutira galasi la kamera
- Laputopu kapena kompyuta, olo yakale ya RAM 4 GB imagwira bola muzitseka zina zonse
- Pulogalamu: GIMP, Krita ndi Inkscape. Zonsezi ndi zaulere ndipo mukaziika sizifunanso intaneti. Amene muli ndi foni yokha ikani Snapseed ndi ibisPaint X
- Chingwe cha USB, fulashi, ndi akaunti ya Google chifukwa imakupatsani 15 GB yaulere
- Lula ndi kakalikuleta ka mufoni

Za Photoshop yobedwa imene anthu amagawana pa fulashi ija, ine sindilimbikitsa, kawirikawiri imabwera ndi ma virus ndipo chilichonse ndalemba apa GIMP imachita. Kuidauniloda ndi ma MB mazana angapo, ndiye mmodzi agule bandulo enanu mukopere fayilo yake. Mayina a mabatani ndalemba ndi a mu GIMP, koma mukazolowera muno mu Photoshop simukasochera chifukwa maganizo ake ndi amodzimodzi.

Gawo loyamba: kutola chithunzi

1. Sankhani nthawi ndi malo. Dzuwa la kuno inu mukulidziwa, likafika pamutu pepala limachita kuthobwa m'maso, pensulo imanyezimira ngati malata ndipo timizere tating'ono timasowa. Tolani m'mawa cha m'ma 7 mpaka 9 koloko, pakhonde pomwe pali mthunzi koma kukuwala bwino. Pansi pa mtengo ayi, masamba amaponya madonthomadontho a kuwala papepala ndipo kuwachotsa pa kompyuta ndi ntchito ya tsiku lonse. Onaninso khoma lomwe mwayandikira, likakhala lopaka penti yobiriwira kapena yabuluu mtunduwo umalowerera papepala lanu inu osaona ndi maso, mudzauona pa sikirini.

Chenjezo: usiku pansi pa babu musatole, ndipo flash ya kamera izime. Ndi zimene zinabweretsa chikasu chija.

2. Matani pepala pa katoni m'makona onse anayi, ligone fulati. Mphepo ya mwera ikamawomba onjezani selotepu m'mbali. Katoniyo mutha kuigoneka pansi inu n'kuimirira pamwamba pake, koma nthawi zambiri mthunzi wa mutu wanu ndi wa foni umagwera papepala, ndiye ine ndimakonda kuimika katoni pakhoma molingana ndi chifuwa changa, kuwala kuzichokera kumbali.

3. Pukutani galasi la kamera. Zikumveka zazing'ono koma foni imene yakhala m'thumba pa kabaza kuchoka pa Dyeratu, fumbi ndi thukuta zili thoo pagalasi, chithunzi chimatuluka chimbuuzi ngati mwatola muutsi ndipo palibe pulogalamu imene ingakonze zimenezo.

4. Konzani kamera. Lowani mu Settings ya kamera, ikani kukula kwa 4:3 osati Full screen chifukwa Full imadula ma pixel ena, yatsani Grid kuti pa sikirini pazioneka mizere, zimitsani Beauty, ma filter ndi kachidindo kaja kolemba dzina la foni pakona. Osakoka zoom ndi zala, imangotambasula ma pixel omwewo. Mukafuna kuyandikira yendani ndi miyendo.

5. Imani moyang'anana ndi pakati pa pepala, foni iwongoke chimodzimodzi ndi pepalalo. Mizere ya Grid ija ilingane ndi m'mphepete mwa pepala, mukaona kumtunda kukuoneka kochepa kuposa kumunsi ndiye kuti foni yapendekeka. Pepala lidzaze sikirini koma musiye kampata kochepa mbali zonse, ndipo ngati pepala lili choimirira foni nayo iimirire, osataya theka la ma pixel pa khoma. Dinani pa chojambulacho kuti kamera igwire pomwepo, kenako kokerani m'mwamba pang'ono kadzuwa kaja kamatuluka pambali, chifukwa kamera ikaona zoyera zambiri imadetsa yokha ndipo pepala limatuluka lotuwa. Ikani timer ya masekondi 3, tsamiritsani zigongono pampando, gwirani mpweya. Tolani zisanu kapena kuposa.

Chenjezo: musanachotse pepala pa katoni, tsegulani chithunzi n'kuchikulitsa mpaka muone njere za pepala ndi m'mphepete mwa mzere. Makona onse anayi muwayang'ane. Ngati pali chimbuuzi bwerezani pompo, ndi masekondi chabe, kusiyana n'kuzindikira mawa muli pa laputopu.

Amene mungapeze sikana pa malo ochitira fotokope, kaya ku Chikwawa boma, Ngabu, Bangula kapena Nsanje, imaposa foni makamaka pa za inki. Koma muwauze zomwe mukufuna, apo ayi akupangirani ngati akusikana satifiketi. Nenani kuti 300 dpi (madontho 300 pa inchi iliyonse) ngati pali mitundu, 600 dpi ngati ndi mizere ya peni yokha, ndipo fayilo ikhale PNG kapena TIFF. Pukutani galasi lake kaye. Pepala likakhala A3 koma sikana ndi ya A4, sikanani magawo awiri molowererana pakati, mudzalumikiza pa kompyuta ndi maleya, omwe ndiwafotokoza pa nambala 13.

Gawo lachiwiri: kusamutsa fayilo osaiwononga

6. Lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe, pa foni musankhe File transfer, kopani kuchokera mu foda ya DCIM. Bluetooth nayo imasamutsa bwino kungoti imachedwa. Ngati palibe kuchitira mwina koma WhatsApp, dinani kachizindikiro kophatikizira n'kusankha Document, osati Gallery. Mukatumiza ngati chithunzi wamba WhatsApp imachifinya kuti chisadye bandulo, cha 4000 x 3000 chija chimakafika uko mbali yaitali ili cha m'ma 1600 basi, ndipo zomwe zatayikazo sizibwerera. Screenshot ndiye musayerekeze.

7. Pangani foda ya ntchitoyo, mkati mwake mafoda atatu: choyambirira, ntchito, zotumiza. Chithunzi chochokera mufoni chikhale mu choyambirira ndipo chimenechi simuchigwiranso, mumagwira ntchito pa kope lake. Mayina azikhala omveka ngati mlambe_logo_01, mlambe_logo_02, osati IMG manambala atali aja.

Gawo lachitatu: masamu a ma pixel, apa musathamange

Chithunzi cha mufoni ndi timabokosi tating'onoting'ono tamitundu, ndiwo ma pixel. Ganizani za mphasa: bango lomwe mwadula ndi lomwelo, mukafuna mphasa yaikulu ndi bango lochepa ndiye kuti mipata ichuluka. Populinta chinthu chimene munthu adzachigwire m'manja pamafunika ma pixel 300 pa inchi iliyonse, ndipo inchi imodzi ndi 2.54 cm, ndiye kuti sentimita iliyonse imadya ma pixel pafupifupi 118. Masamu onse ndi amenewo, masentimita kuchulukitsa ndi 118.

A5 ndi 14.8 x 21 cm, imafuna 1748 x 2480. A4 ndi 21 x 29.7 cm, imafuna 2480 x 3508. A3 ndi 29.7 x 42 cm, imafuna 3508 x 4961. Tsono kamera ya 12 MP imapereka 4000 x 3000, mukadula m'mbali mutsala ndi zokwanira A4 ndendende, ndi chifukwa chake ndimalimbikira kuti pepala lidzaze sikirini. Chodzera pa WhatsApp chija cha 1600, gawani ndi 118, mupeza kuti chimakwana 13.5 cm yokha, kachikhatho kamodzi, ndiye tangoganizani chimenecho kuchikoka mpaka mamita awiri.

Bana ndi yosiyana pang'ono chifukwa anthu amaionera patali, ma pixel 100 pa inchi amakwana, kutanthauza pafupifupi 39 pa sentimita, koma olo choncho ya 2 m x 1 m ikufunabe 7874 x 3937. Pa logo ndi zilembo njira yabwino ndi ina, ndiifotokoza pa nambala 14.

8. Tsegulani kope lanu mu GIMP, pamwamba pa windo pamalembedwa kukula kwake. Lowani Image kenako Print Size, sankhani mamilimita, lembani 300 pa resolution, ikuonetsani kukula kwenikweni komwe chithunzichi chingatuluke bwino. Print Size siisintha ma pixel, imangokuuzani zoona. Scale Image ndi imene imasintha, ndipo muziigwiritsa ntchito pochepetsa pokha.

Chenjezo: ambiri akamva kuti opulinta akufuna 300 amalowa mu Scale Image n'kukulitsa kachithunzi kakang'ono, manambala n'kuoneka bho, koma kompyuta yangopeka ma pixel apakatiwo, potuluka ndi phala. Ngati sakukwana bwererani pakhonde mukatolenso.

Gawo lachinayi: kuwongola ndi kuyeretsa

9. Sungani kaye. Dinani Ctrl+S, fayilo ikhale XCF mu foda ya ntchito, imeneyi ndi imene imasunga maleya anu onse. GIMP siisunga yokha, magetsi akathima pomwe batire ya laputopu inafa kale ndiye kuti zonse zapita, ndiye chala chizolowere Ctrl+S mukamaliza kanthu kalikonse. Krita imadzisungira pakapita mphindi zingapo koma musaidalire kwambiri. Mukatero pangani kope la leya ndi Shift+Ctrl+D, yapansiyo isiyeni osaikhudza.

10. Wongolani pepala. Dinani Shift+P kuti mutenge Perspective, kumanzere pa Direction sankhani Corrective, kokani makona anayi a kabokosi kaja kuti akhale ndendende pa makona anayi a pepala lanu, dinani Transform. Kenako Shift+C, dulani katoni ndi selotepu zichoke. Mukatha yerekezani ndi pepala lenileni, ngati munajambula chozungulira onani kuti sichinasanduke dzira.

11. Yeretsani pepala. Apa zimatengera chomwe mwajambula.

Ngati ndi mizere ya peni kapena maka papepala loyera, yambani ndi Colors, Desaturate kuti chikasu chonse chichoke. Nthawi zambiri mupeza mbali imodzi ya pepala ndi yowala ina yoderako, ndipo mukangokweza kuwala mbali yowalayo mizere imafufutika pomwe inayo idakali yakuda. Njira yake ndi iyi: pangani kope la leya, pa kopelo lowani Filters, Blur, Gaussian Blur, kwezani nambala mpaka 100 kapena 150 kufikira mizere yonse itasungunuka kwangotsala mthunzi wa pepala, ndiye pa Mode ya leya yapamwambayi sankhani Divide. Pepala lonse liyera mofanana nthawi yomweyo. Dinani Layer, New from Visible kuti zikhale leya imodzi. Kenako Colors, Levels, kokani katatu kakuda ka kumanzere kulowera pakati mpaka mizere ide bwino, koyera ka kumanja kabwezeni pang'ono mpaka timadontho ta pepala tithe.

Ngati ndi pensulo yokhala ndi mithunzi yofewa, monga nkhope ya agogo kapena nyala ya ku Lengwe imene munathera masiku mukuisalaza ndi chala, Divide uja ayi, ndipo Levels muikoke mwaulemu. Ndaonapo ntchito zabwino zitasanduka ngati fotokope chifukwa munthu amafuna pepala liyere mbee, mithunzi yonse yopepuka ya pamasaya n'kupita nayo. Kutuwa pang'ono kwa pepala si tchimo pa pensulo.

Ngati ndi penti kapena makrayoni, osachita Desaturate. Mu Levels muli kachubu kosankhira poyera, katengeni mudine pa m'mphepete mwa pepala pomwe simunapake kanthu, mitundu yonse ibwerera m'malo. N'chifukwa chake ndi bwino kuchita zimenezi musanadule m'mphepete monse, kapena kumata kapepala koyera pambali potola chithunzi. Ikani chojambula chenicheni pafupi ndi sikirini muzifananiza, cholinga ndi choti zifanane, osati chapakompyuta chiwale kuposa chomwe munapenta.

12. Chotsani zinyalala. Kulitsani mpaka 100%, yendani chithunzi chonse pang'onopang'ono ngati mukupalira. Tizidutswa ta labala, chala cha thukuta, kachitosi ka ntchentche, zonsezi dinani H kutenga Heal, gwirani Ctrl n'kudina pamalo poyera pafupi, kenako dinani pa chinyalalacho. Pa za mizere yokha burashi yoyera imakwana.

Gawo lachisanu: maleya, mitundu ndi mawu

13. Pakani mitundu pansi pa mizere, osati pamwamba pake. Leya ili ngati pulasitiki yoonekera mkati, mumasanjikiza zingapo ndipo iliyonse mutha kuichotsa osakhudza inzake. Leya ya mizere ikhale pamwamba, Mode yake ikhale Multiply, zoyera zake zisiya kutchinga. Pansi pake pangani leya yatsopano ya thunthu la mlambe, ina ya masamba, ina ya kumbuyo, ndipo iliyonse muipatse dzina. Amayi aja akadzati kumbuyo tikufuna kofanana ndi chitenje cha gulu, mumangosintha leya imodzi m'malo moyambiranso.

Podzaza mtundu, khalani pa leya ya mizere, dinani U, dinani mkati mwa malo omwe mukufuna, kenako Select, Grow, ma pixel 2 kapena 3, ndiye samukirani pa leya ya mtundu n'kuthira ndi Shift+B. Grow ameneyu ndi amene amathetsa kamzere koyera kaja kamatsala pakati pa mtundu ndi mzere wakuda, kamene kamaonetseratu kuti ntchitoyi ndi ya wophunzira. Mukatha Select, None.

Chenjezo: mzere ukakhala ndi kampata olo kochepa mtundu umatayikira panja ngati madzi a mu ngalande yoboola. Tsekani kampatako ndi burashi yakuda kaye. Komanso muziyang'ana leya imene mwaima musanapake, kulakwitsa kumeneku aliyense amakuchita, Ctrl+Z yobwezera m'mbuyo ilipo koma mukazindikira patapita ola simubwereranso bwino.

Mukafuna chojambula chopanda kumbuyo, choti chikakhale pa tisheti yamtundu uliwonse, pa leya ya mizere dinani Layer, Transparency, Add Alpha Channel, kenako Colors, Color to Alpha, zoyera zichoka kutsala timabokosi totuwa tosonyeza kuti palibe kanthu.

14. Logo ipititseni ku Inkscape. Uku zinthu sizisungidwa ngati ma pixel, zimasungidwa ngati mizere ya masamu yomwe amati vector, ndiye logo yomweyo imakwana pa chidindo komanso pa chikwangwani cha m'mbali mwa M1 osasweka. Tengani mizere yanu yoyeretsedwa ija ngati PNG, ilowetseni ndi File, Import, isankheni, dinani Path, Trace Bitmap, yesani kukweza ndi kutsitsa Threshold mpaka zikukhalireni, dinani Apply. Kokerani pambali chatsopanocho, chakalecho fufutani, sungani ngati SVG. Zimayenda bwino pa mizere yakuda yolimba, pa pensulo yofewa sizitheka. Mtsikana uja tinachita zimenezi limodzi masana amodzi, mlambe womwewo, ndipo bana yachiwiri inatuluka mizere ili yakuthwa.

15. Mawu. Zilembo za mitundu iwiri zakwana, imodzi ya mutu ina ya zotsalazo. Osakoka mawu m'mbali kuti adzaze malo, sinthani nambala ya kukula kwake. Siyani 5 mm kapena kuposa kuchoka m'mphepete. Ngati mukulemba Malaŵi ndi ŵ wa kachipewa onani kuti font yanuyo, mtundu wa zilembo umene mwasankha, ili naye, ena amangoika kabokosi. Mu Inkscape mukamaliza sankhani mawu onse n'kudina Path, Object to Path, kuti kompyuta ya opulinta imene ilibe font yanu isasinthe zilembo, koma sungani kope lina musanatero chifukwa zikatero sizilembekanso. Ndipo wina awerenge, makamaka mayina a anthu, madeti ndi mawu a Chisena ngati inu simuchilemba bwino.

Gawo lomaliza: kutulutsa ndi kupulinta

16. Mu GIMP Save ndi ya XCF yokha, zina zonse zimatuluka ndi Shift+Ctrl+E, Export As, mu foda ya zotumiza. PNG ndi ya mizere, logo ndi chilichonse chopanda kumbuyo. JPEG ndi ya penti ndi zithunzi, Quality ikhale 90 mpaka 95. PDF ndi imene opulinta ambiri amakonda pa posita. Ya pa Facebook ndi status pangani yakeyake, chepetsani mbali yaitali ifike 1600 kapena 2000, lembanipo dzina lanu pakona, yaikuluyo musamaimwaze.

17. Imbirani opulinta musanatumize, afunseni fayilo yamtundu wanji, RGB kapena CMYK, komanso ngati akufuna bleed. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, ndiyo RGB, makina amapanga ndi inki zinayi, ndiyo CMYK, ndiye buluu wowala kwambiri ndi kubiriwira kwa nzimbe zanthete kuja papepala kumatsika mphamvu, zimenezo muyembekezere ndipo kasitomala mumuuziretu. Mapulinta a m'mashopu a fotokope amalandira RGB bwinobwino. Akanena CMYK tsegulani mu Krita, Image, Convert Image Color Space. Bleed ndi 3 mm yoonjezera mbali zonse kuti podula pasatsale kamzere koyera, A4 imakhala 216 x 303 mm.

18. Pulintani kaye kamodzi pa A4 konkuno musanatumize ntchito yaikulu kumtunda. Papepala nthawi zambiri zimatuluka zoderako kuposa pa sikirini, chifukwa kuwala kwa kuno kumatichititsa kukweza brightness mpaka kumapeto. Itsitseni ifike pakati mukamakonza mitundu. Ngati ndi bana, dulani kachigawo kamodzi pa kukula kwake kwenikweni, kapulinteni pa A4, kamateni pakhoma n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu muone.

Amene muli ndi foni yokha

Ndondomeko ndi yomweyi. Mu Snapseed lowani Settings kaye, pa Image sizing sankhani Do not resize, pa Format and quality ikani PNG kapena JPG 100%, kuti isakuchepetsereni. Perspective ndi Crop zowongolera zilimo, White Balance ndi Curves zoyeretsera, Healing yochotsera zinyalala. Mu ibisPaint X mukalowetsa chithunzi imakufunsani za Extract Line Drawing, vomerani ngati ndi mizere, ndipo maleya ndi Multiply zilimonso. Za vector zokha ndi zimene mudzabwereke laputopu.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

Kusunga JPEG pamwamba pa JPEG. Nthawi iliyonse mukatsegula, kusintha n'kusunganso, imataya kanthu, kachisanu m'mbali mwa mizere mumayamba litsiro. Sinthani mu XCF, tulutsani JPEG yatsopano.

Kuphatikiza maleya onse n'kusunga, kenako kasitomala akuti tsiku la ukwati lasintha.

Kukoka chithunzi pakona pomwe kachizindikiro ka unyolo komanga utali ndi mulifupi kali komasula, nkhope n'kutalika kapena kufufuma. Tsekani unyolo musanakoke.

Kuwonjeza Sharpen ndi Saturation poganiza kuti zibisa chimbuuzi. Sizibisa, zimangoonjezera phokoso.

Kutola zithunzi pa Google n'kuika mu ntchito yanu. Zambiri ndi zazing'ono zosakwana kupulinta, komanso zili ndi eni ake, ndipo aphunzitsi amazizindikira. Ng'ombe, mabwato a pa Shire, thonje, migwalangwa ya ku Elephant Marsh, zonsezi zili pakhomo, tolani nokha.

Kuika laputopu pa matilesi kapena pamiyendo mwezi wa October ndi November pomwe kutentha kumadutsa madigiri 40. Imatsekeka mpweya, imayamba kuchedwa kenako kuzima yokha ntchito ili pakati. Ikhale patebulo, ikwezeni ndi zitsekerero za mabotolo zinayi, ntchito zolemera muzichita m'mawa kapena usiku, ndipo mukamaliza ivundikireni fumbi lisalowe. Foni nayo musaisiye padzuwa musanatole, ikatentha kamera imakana kutseguka.

Kulowetsa fulashi yokhala ndi ntchito zanu zonse mu kompyuta ya pa shopu. Ikabwerako mafoda onse asanduka ma shortcut. Khalani ndi fulashi ina yongopitira kopulinta, muzikhala fayilo imodzi yokhayo.

Kusunga malo amodzi. Madzi a Freddy mu March 2023 sanasankhe, mabuku ojambulamo, mafoni ndi malaputopu zinapita limodzi m'nyumba zambiri za ku Nsanje ndi Chikwawa, ndipo amene anatsala ndi ntchito zawo ndi omwe anali atazikweza pa intaneti. Foda ya choyambirira ndi ma XCF ndi SVG anu muziwakweza pa Google Drive mukagula bandulo ya usiku, kope lina pa fulashi yomanga mu pulasitiki, ndipo mvula isanayambe tolani tsamba lililonse la buku lanu lojambulamo potsata nambala 1 mpaka 7, olo zomwe simunamalize.